Wodwala mwakayakaya mpatseni cipro wokwanira, apo ayi musampatse n'komwe

M'zipinda za odwala mwakayakaya muli chizolowezi china chooneka ngati kusamala, chikhalirecho chimavulaza. Wodwala ali ndi sepsis, matenda a tizilombo amene afika pofooketsa ziwalo za thupi, BP yatsika, mkodzo ukutuluka pang'ono, ndiye wolemba mankhwala amati poti munthuyu wafooka kale, tisamulemetse. Amalemba ciprofloxacin (mwachidule cipro) 200 mg kawiri pa tsiku, kapenanso piritsi la 500 mg loti liperedwe n'kuthiridwa m'chubu cha m'mphuno nthawi ya phala. Pa tchati zimaoneka bwinobwino kuti wodwala ali pa antibayotiki. M'magazi mwake namo muli mankhwala osakwana kupha bakiteriya, koma okwana kusankha mabakiteriya olimba kuti ndiwo atsale n'kuswana.

Maganizo anga ndi akuti ciprofloxacin, levofloxacin ndi moxifloxacin, amene pamodzi amatchedwa ma fluoroquinolone, sakuyenera kukhala mankhwala oyamba kuwathamangira wodwala wa mu ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, tisanadziwe chomwe tikulimbana nacho. Koma tikawasankha pa chifukwa chomveka, tiwapereke pa mlingo waukulu, m'njira yoti afikedi m'magazi.

Chifukwa chake chili m'kagwiridwe ka mankhwalawa. Amatsekereza ma enzyme awiri amene bakiteriya amadalira pomasula ndi kukopera DNA yake, DNA gyrase ndi topoisomerase IV. Akachuluka m'magazi ndi pomwe amapha msanga. Apa ndi pomwe amasiyana ndi ceftriaxone kapena benzylpenicillin, amene chofunika kwa iwo ndi kutalika kwa nthawi yomwe akhala ali pamwamba pa mlingo wina wake. Pa ma fluoroquinolone timayang'ana manambala awiri. Yoyamba ndi AUC, kuchuluka kwa mankhwala onse amene akhala m'magazi pa maola 24. Yachiwiri ndi MIC, kamlingo kochepetsetsa komwe kamaletsa bakiteriya wa wodwalayo kukula mu labu. Mukagawa AUC ndi MIC mumapeza nambala yomwe imalosera ngati wodwala achire. Mu 1993 Alan Forrest ndi anzake, atatsatira odwala kwambiri amene ankalandira cipro wa m'mitsempha, anapeza kuti nambalayi ikafika 125 ambiri ankachira ndipo mabakiteriya ankatha, ikachepera pamenepo zinthu zinkalephereka kawirikawiri. Mpaka lero 125 ndiye chandamale pa mabakiteriya a Gram-negative, monga E. coli, Klebsiella ndi Pseudomonas. Pa pneumococcus, bakiteriya woyambitsa chibayo, chandamale n'chotsikirapo, cha m'ma 30, powerengera mankhwala osamatirira ku mapuloteni a m'magazi.

Tsopano tiwerengere limodzi. Kwa munthu wa impso zabwino, cipro 400 mg wa m'mitsempha pa maola 12 alionse amapereka AUC ya pafupifupi 25 pa tsiku. Pa maola 8 alionse imakwera kufika pafupifupi 33. Ngati E. coli wa wodwala ali ndi MIC ya 0.06, mulibe nkhawa, ngakhale mlingo wa kawiri pa tsiku ukudutsa 125 kutalitali. MIC ikakhala 0.25, kawiri pa tsiku kakupatsani 100, kuperewera, pomwe katatu pa tsiku kakupatsani 130 ndi kanthu, kungodutsa pang'ono. MIC ikafika 0.5, zomwe si zachilendo pa Pseudomonas aeruginosa, ngakhale katatu pa tsiku mungofika 66. Nanga uja wa 200 mg kawiri pa tsiku? Pa MIC ya 0.25 ali cha pa 50 basi.

Masamu amenewa ndi omwe anachititsa kuti mu 2019 bungwe la CLSI, loika miyezo ya malabu ku America, litsitse malire a MIC oti bakiteriya akumva cipro kufika pa 0.25 kwa gulu la E. coli ndi Klebsiella, ndi 0.5 kwa Pseudomonas. Chaka chomwecho bungwe la EUCAST, lofanana nalo la ku Ulaya, linasintha tanthauzo la chilembo I pa zotsatira za labu: tsopano chimatanthauza kuti bakiteriya amamva mankhwalawo pokhapokha mlingo ukwezedwe, ndipo Pseudomonas aliyense womva cipro amagwera m'gulu limeneli. Choncho funsani a labu kuti akutsatira malire a chaka chiti. Chilembo S (chotanthauza kuti bakiteriya akumva mankhwala) cholembedwa ndi malire akale chikhoza kukugonekani tulo pa bakiteriya yemwe mlingo wanu sungamuthe. Pa Salmonella malire ndi otsika koposa, 0.06, ndipo malabu ambiri amayesa ndi disiki ya pefloxacin chifukwa disiki ya cipro imaphonya kusamva kwa pang'onopang'ono.

Ndiye kwa wamkulu wodwala mwakayakaya, cipro ndi 400 mg m'mitsempha pa maola 8 alionse, dripi iliyonse iyende mphindi 60. Levofloxacin ndi 750 mg kamodzi pa tsiku, dripi ya mphindi 90, kapena 500 mg kawiri pa tsiku. Moxifloxacin ndi 400 mg kamodzi pa tsiku. Kumene cipro amabwera m'mabotolo a 200 mg mu 100 mL, katatu pa tsiku ndi mabotolo 6, madzi okwana 600 mL, ndipo ayenera kulembedwa pa tchati cha madzi olowa. Wa ku famase akaona oda ya mabotolo 6 asaganize kuti wolemba walakwitsa n'kutumiza awiri. Dripi yothamangitsa imawotcha mtsempha ndipo imatha kutsitsa BP. Cipro sagwirizananso ndi furosemide, heparin kapena phenytoin m'paipi imodzi, amagwirana n'kupanga timibulu, motero tsukani paipi ndi saline musanayambe komanso mukamaliza.

Wina anena kuti impso za odwala athu zimakhala zitagwa, tichepetse basi. Zoona, ena impso zimagwadi, koma mu ICU muli mitundu iwiri ya anthu ndipo creatinine, yomwe timayeza m'magazi poona mmene impso zikugwirira ntchito, payokha imanamiza pa onse awiri. Tengani mnyamata wa zaka 25, wolemera makilogalamu 60, wochita ngozi ya njinga yamoto, creatinine 55 µmol/L. Mwa njira ya Cockcroft-Gault yowerengera kusefa kwa impso, muchotse zaka zake pa 140, muchulukitse ndi kulemera kwake, muchulukitsenso ndi 1.23, kenaka mugawe ndi creatinine. Mupeza 154 mL pa mphindi. Impso zopitirira 130 zikusefa mothamanga kuposa masiku onse, zomwe zimachitika mwa achinyamata ovulala, opsa ndi moto komanso kumayambiriro kwa sepsis. Mnyamata ameneyu akukodza mankhwala anu asanagwire ntchito, ndipo kwa iye levofloxacin 500 mg kamodzi pa tsiku n'kungotaya nthawi. Tengani tsopano agogo aakazi a zaka 72, makilogalamu 45, creatinine 90, yomwe papepala ikuoneka ya bwinobwino. Kwa amayi timachulukitsa ndi 1.04, ndipo yankho ndi 35 mL pa mphindi. Awa levofloxacin awaunjikira m'thupi, chifukwa pafupifupi yense amatuluka kudzera mu impso.

Lamulo losavuta kulisunga ndi ili: mlingo woyamba ukhale wathunthu kwa aliyense, impso zikhale zotani. Kugwa kwa impso kobwera ndi sepsis nthawi zambiri kumabwerera m'maola 48 wodwala akalandira madzi ndipo BP ikakwera, ndiye kudula mlingo tsiku loyamba n'kumumana mankhwala pa nthawi yomwe mabakiteriya ali ochuluka zedi. Impso zikapanda kudzuka, talikitsani nthawi m'malo mochepetsa mamiligalamu, kuti mankhwala azifikabe pamwamba m'magazi. Levofloxacin 750 mg amapita pa maola 48 alionse kusefa kwa impso kukakhala pakati pa 20 ndi 49 mL pa mphindi. Cipro amatulukiranso ku chiwindi ndi m'matumbo, choncho saunjikana msanga; ambiri amayamba kumusintha kusefa kukatsika pansi pa 30. Moxifloxacin safuna kusinthidwa konse, koma pa chifukwa chomwecho safika wokwanira mu mkodzo, ndipo si mankhwala a matenda a njira ya mkodzo. Amene ali pa dialysis alandire akamaliza kusefedwa. Kumene labu ingathe, kusonkhanitsa mkodzo wa maola 8 wa m'katheta n'kuyeza creatinine yake kumanena zoona kuposa masamu alionse.

Kuyeza mlingo wa cipro m'magazi, komwe zipatala zina za ku Ulaya zimachita, sindikukuona ngati chosowa chathu chachikulu. Kafukufuku wa DOLPHIN wa ku Netherlands, yemwe anatuluka mu 2022, anayesa kusintha mlingo motsatira zoyeza zimenezi ndipo masiku okhala mu ICU sanachepe. Zomwe tingakonze ife zili pafupi, pambali pa bedi penipeni.

Pambali pa bedipo ndi pomwe nkhani ya mapiritsi imasokonekera. N'zoona kuti mankhwalawa amalowa bwino m'magazi akamwedwa: levofloxacin pafupifupi yense, moxifloxacin pafupifupi 90 pa 100, cipro pakati pa 70 ndi 80 pa 100, moti 750 mg womwa kawiri pa tsiku amafanana ndi 400 mg wa m'mitsempha katatu pa tsiku. Koma manambala amenewo ndi a munthu wa matumbo ogwira ntchito. Wodwala amene ali pa adrenaline, mimba yatupa, chubu chikubweza zobiriwira, magazi sakuyenda mokwanira m'matumbo mwake ndipo piritsi lingokhala m'chifu. Ameneyo ndi wa dripi mpaka BP ikhazikike ndipo chakudya chiyambe kutsika.

Ngakhale matumbo adzuke, pali mdani wina pa kabati ya wodwala. Ma fluoroquinolone amagwirana ndi magnesium, aluminium, calcium, ayironi ndi zinki n'kupanga chinthu chomwe matumbo sangayamwe. Yang'anani zomwe zili pa tchati ndi pa kabatipo: magnesium trisilicate wa chilungulira, ferrous sulphate wa kuchepa magazi, zinki wa kutsegula m'mimba, mkaka wa ana onyentchera wa F-75 kapena F-100, chiponde, yogati kapena chambiko chomwe wodwazika wabwera nacho mwachikondi. Mankhwala a chilungulira okha amatha kumeza gawo lalikulu la cipro. Cipro amwedwe maola 2 zinthuzi zisanalowe kapena maola 6 zitalowa; levofloxacin maola 2 mbali zonse; moxifloxacin maola 4 zisanalowe kapena 8 zitalowa. Pa chubu chodyetsera, imitsani chakudya ola limodzi kapena awiri, tsukani chubu ndi madzi, perani piritsi mulisungunule m'madzi okha, thirani, tsukaninso, ndipo dikirani musanayambirenso chakudya. Cipro wamadzi wa ana asathiridwe m'chubu, ndi wamafuta ndipo amatseka. Zonsezi zikaoneka zosatheka ndi anamwino awiri pa wodi yodzaza, njira yachidule ndi kuimitsa ayironi ndi magnesium trisilicate kwa sabata imeneyo. Kuchepa magazi kudikira. Ndipo wodwazika afotokozeredwe mwaulemu chifukwa chake mkaka ukuyenera kudikira, apo ayi adzaupereka inu mutangotembenuka.

Mlingo woperewera suthera pa wodwala mmodzi. Pa mabakiteriya mamiliyoni ambirimbiri a m'mapapo kapena m'mimba, pamakhala ochepa amene jini yawo ya gyrA (ya DNA gyrase ija) yasintha kale. Mlingo waukulu umawapha limodzi ndi anzawo. Mlingo wapakatikati umapha ofooka n'kusiyira olimbawo malo, kenaka iwo amawonjeza kusintha kwina pa parC (jini ya topoisomerase IV), kapena amakweza mapampu otulutsa mankhwala kunja, ndipo MIC imakwera wodwala adakali pa bedi lomwelo. Pseudomonas ndi katswiri pa zimenezi. Palinso majini monga qnr amene amayenda pa plasmid, kachidutswa ka DNA kosamukasamuka, kuchoka kwa bakiteriya wina kupita kwa mnzake, kawirikawiri limodzi ndi majini a ESBL amene amaphwanya ceftriaxone.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza kwathu kuno mwachindunji. Chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, mothandizana ndi pulogalamu ya Malawi-Liverpool-Wellcome, chakhala chikuyeza mabakiteriya a m'magazi a odwala kuyambira 1998. Zotsatira zomwe Patrick Musicha ndi anzake anatulutsa mu 2017 zinaonetsa kuti pofika 2016 E. coli wosamva ma fluoroquinolone anali atakwera kuchoka pa 2.5 kufika pa 31 pa 100 alionse, ndipo Klebsiella kuchoka pa 1.7 kufika pa 70. ESBL inakwera limodzi nawo. Tanthauzo lake pa wodi ndi lowawa: wodwala yemwe sakusintha pa ceftriaxone, kumuwonjezera cipro mongoganizira kawirikawiri n'kumupatsa mankhwala achiwiri amene bakiteriya yemweyo samva. Chizolowezi choti ceftriaxone akakanika tikwere pa cipro chinali ndi nzeru zaka 20 zapitazo. Lero wodwala wotero amafunika blood culture, kuyeza magazi kuti bakiteriya adziwike, isanalowe dripi ina iliyonse, kufufuza komwe kuli mafinya kuti atulutsidwe, kusintha katheta ndi kanyula, ndi kuganizira amikacin kapena meropenem kumene alipo.

Chifukwa chachiwiri chosawathamangira ndi TB. M'dera lathu, mwa akuluakulu omwe ali ndi HIV amene agonekedwa ndi sepsis, TB yofalikira thupi lonse ndi imodzi mwa zoyambitsa zazikulu. Levofloxacin ndi moxifloxacin amapha kachilombo ka TB mwamphamvu, cipro pang'ono. Mukapatsa wodwala wa chibayo levofloxacin yekha, kutentha thupi kumatsika, amayamba kudya, aliyense amasangalala, amatulutsidwa, ndipo amabweranso patapita masabata angapo ali woipirapo, TB itapezeka mochedwa ndipo mwina itayamba kusamva gulu la mankhwala lomwe WHO inaliika patsogolo pochiza TB yosamva mankhwala. Moxifloxacin ali m'gulu la BPaLM, la mankhwala a miyezi 6 ochiza TB yotereyi, lomwe WHO inavomereza mu 2022. Kuwononga mankhwala amenewa pa chibayo chomwe ceftriaxone ndi azithromycin akanatha n'kudya mbewu yosungira dzinja. Musanalembe, tumizani makhololo ku makina oyezera TB a GeneXpert, ndipo kwa wodwala wa HIV yezani LAM, chizindikiro cha TB, mu mkodzo, yomwe imatuluka pasanathe theka la ola. Kwa yemwe ali kale pa rifampicin, kumbukirani kuti imatsitsa moxifloxacin m'magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu.

Sikuti mankhwalawa alibe malo awo. Alipo ndithu, ndipo pamalopo ndi ovuta kuwaposa chifukwa amalowa bwino m'mapapo, m'mafupa, mu prostate ndi m'kati mwa maselo. Levofloxacin ndi wabwino pa chibayo cha bakiteriya wa Legionella. Cipro amathandiza pa typhoid ndi Salmonella wa m'magazi labu ikatsimikiza kuti akumva, pa Enterobacter yemwe amatha kusandukira ceftriaxone mankhwala ali m'kati, komanso kwa wodwala amene penicillin anamutupitsa pakhosi. Pa Pseudomonas ndi gulu lokhali lomwe lili ndi piritsi, ndipo pa chibayo choopsa cha pa makina opumira cipro amayenera kuyamba limodzi ndi beta-lactam (gulu la penicillin ndi ceftriaxone) yolimbana ndi Pseudomonas mpaka zotsatira zituluke. Phindu lalikulu limabwera wodwala akayamba kupeza bwino: bakiteriya wa Gram-negative wa m'magazi akakhala womva cipro, mungachotse kanyula n'kumaliza ndi mapiritsi, ndipo kwa wodwala amene wakhazikika ndipo gwero la matenda lachotsedwa masiku 7 onse pamodzi amakwana. Zomwe cipro sangachite n'zodziwikanso. Pa pneumococcus ndi wofooka, pa Staphylococcus aureus payekha sadalirika, ndipo pa matenda a m'mimba amafuna metronidazole pambali chifukwa sakhudza mabakiteriya osafuna mpweya.

Otsutsa mlingo waukulu ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndiyo zovuta za mankhwalawa. Mu 2008 bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linaika chenjezo lalikulu la kuduka kwa mtsempha wa kuseri kwa chidendene, makamaka kwa opitirira zaka 60 ndi omwe ali pa ma steroid. Mu 2018 linawonjeza za kung'ambika kwa aorta, mtsempha waukulu wochokera ku mtima. Mu January 2024 bungwe loona za mankhwala la MHRA ku Britain linalamula kuti ma fluoroquinolone aziperekedwa pokhapokha mankhwala ena onse oyenera atakanika kapena asakuyenera. Machenjezowa ndi oona, koma kwenikweni akulimbana ndi kupereka cipro pa chikhodzodzo chowawa pang'ono kapena kutsegula m'mimba kwa masiku awiri, monga zimachitikira m'ma famase ambiri. Akutiuza kusankha bwino woti alandire. Palibe pomwe akunena kuti wosankhidwayo alandire theka.

Mu ICU zoopsa zenizeni ndi zina, ndipo zambiri zimapeweka. Choyamba ndi mtima. Mankhwalawa amatalikitsa QT (gawo la kugunda kwa mtima looneka pa ECG, lomwe likatalika limatha kusokoneza mtima), moxifloxacin koposa, levofloxacin pakati, cipro pang'ono. Jambulani ECG musanayambe ndiponso tsiku lotsatira. QTc, yomwe ndi QT yowerengedwa molingana ndi liwiro la mtima, ikapitirira 500 ms sinthani mankhwala. Potaziyamu akhale pa 4.0 mmol/L kapena kupitirira, magnesium akonzedwe kudzera m'mitsempha, ndipo werengani tchati chonse: haloperidol, ondansetron, amiodarone, azithromycin, fluconazole wa mlingo waukulu wa cryptococcal meningitis, quinine, ngakhale LA, onsewa amakokera mbali imodzi. Chachiwiri ndi shuga, yemwe amatha kutsika kapena kukwera. Gatifloxacin anachotsedwa pa msika m'mayiko ambiri chifukwa cha zimenezi. Wodwala amene ali pa glibenclamide, insulin kapena quinine, ndiponso wogonekedwa ndi mankhwala yemwe sangadandaule kuti akunjenjemera, ayezedwe shuga pa maola 4 mpaka 6 alionse. Chachitatu ndi ubongo. Agogo amene ayamba kubwebweta ndi kuzula madripi tsiku lachiwiri la levofloxacin, musanawabaye haloperidol, yemwe awonjezanso QT, werengeraninso kusefa kwa impso zawo. Kwa wa khunyu, kapena amene ali pa diclofenac ndi ibuprofen, chiopsezo cha kugwidwa ndi khunyu chimakwera.

Pali ziwiri zoti zisaphonyedwe. Cipro amatsekereza enzyme ya chiwindi ya CYP1A2, ndiye aminophylline, yemwe adakagwiritsidwabe ntchito pa mphumu m'zipatala zathu, amaunjikana mpaka kubweretsa khunyu ndi kusokoneza kugunda kwa mtima. Ngati fluoroquinolone ikufunikadi kwa wodwala ameneyo, levofloxacin ndiye wosavuta. Ndipo wa myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu, asapatsidwe gulu lonseli, chifukwa limafoola minofu yopumira. Kwa amene ali pa warfarin yezani INR, muyezo wa kuundana kwa magazi, pakatha masiku awiri kapena atatu. Kutsegula m'mimba kwa madzi kukayamba mankhwala ali m'kati, ganizirani bakiteriya wa m'matumbo wa Clostridioides difficile musanapereke loperamide woletsa kutsegula.

Kwa ana, mantha a mafupa anachokera pa zoyesa pa tiana ta agalu, ndipo sakuletsa kupereka cipro pamene moyo uli pa chiswe ndipo labu yaonetsa kuti ndiye woyenera. Mlingo wa m'mitsempha pa matenda oopsa ndi 10 mg pa kilogalamu iliyonse pa maola 8, osapitirira 400 mg nthawi imodzi. Kwa amayi oyembekezera sankhani gulu lina ngati lilipo.

Chomwe ndingakonde kuona pa tchati cha wodwala aliyense wa mu ICU amene walembedwa fluoroquinolone ndi mizere inayi yolembedwa ndi dzanja la wolembayo: bakiteriya amene akumuganizira kapena amene wapezeka, kusefa kwa impso kowerengedwa tsiku limenelo, QTc, ndi tsiku loti mankhwala aunikidwenso, lomwe lisapitirire maola 72. Namwino kapena wa ku famase akapeza mzere umodzi mulibe, akhale ndi ufulu woimba foni n'kufunsa asanapachike botolo lachiwiri.